Mayi Telala ndi Nambala ya pa Mwala

Mu msewu umene ndimakhala muli khonde lalitali la makomo anayi. Khomo loyamba ndi la wokonza nsapato, lachiwiri ndi la wogulitsa utoto, lachitatu lakhala chitsekere kwa zaka zingapo, ndipo lachinayi ndi la mayi amene tonse timangowatchula kuti Mayi Telala. Ndaona kuti n'koyenera kulemba mbiri yawo, makamaka za masabata atatu amene iwo analimbana ndi nambala imodzi, pokana kuti mawu osatsimikizika asemedwe pa mwala wa pamanda a amuna awo.

Mayi Telala anabadwa achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anali mlonda pa fakitale ya sopo, ndipo mayi awo ankasoka zigamba pakhomo. Sukulu anailekeza m'kalasi lachisanu ndi chimodzi, pamene maso a mayi awo anayamba kuchita chifunga, nipafunika mwana woti azilowetsa ulusi pa singano. Kulowetsa ulusi kunabala kusoka mipendero, kusoka mipendero kunabala kudula nsalu, ndipo pofika zaka makumi awiri anali ndi makina awoawo opondera ndi phazi. Kusukulu anachokako ndi zinthu ziwiri zimene sanazitaye: kuwerenga mokweza popanda kupunthwa, ndi samu yogawa yaitali, ija yotsitsa nambala imodziimodzi mpaka pansi pa tsamba.

Pa khomo lachitatu lija, m'masiku amenewo, panali mnyamata wosindikiza. Ankasindikiza makadi a ukwati, mapepala a nyimbo ndi timabuku ting'onoting'ono, posanja zilembo zamtovu chimodzichimodzi ndi zala. Tsiku lina Mayi Telala anaitanitsa makadi odziwitsa anthu za ntchito yawo, ndipo atawalandira anawabweza tsiku lomwelo, chifukwa nambala ya khomo lawo inali italembedwa 41 m'malo mwa 14. Wosindikizayo sanatsutse. Anang'amba makadi onse, nasindikiza ena, ndipo powapereka anati, "Chemwali, diso lanulo likungowonongeka ndi mabatani. Kodi simungamandiwerengereko masamba anga?" Patapita chaka chimodzi anakwatirana.

Ndifotokoze pano kagwiridwe kawo ka ntchito, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Wosindikizayo anakhazikitsa lamulo lakuti tsamba siliwerengedwa ndi amene analisanja. Ankanena kuti diso la wosanja limaona zimene mwini wake amafuna kulemba, pamene diso la mlendo limaona zimene zalembedwadi. Choncho tsamba lililonse ankayamba alidinda kamodzi kokha. Kenaka mmodzi ankagwira pepala la mwini ntchito, wina n'kumawerenga mokweza tsamba lodindalo, mawu aliwonse, mpumiro uliwonse, ndi manambala potchula imodziimodzi. Zonse zikagwirizana, wowerengayo ankajambula kamkombero kakang'ono pa ngodya ya tsamba, n'kuchonga mkati mwake. Tsamba lopanda kamkombero silinkalowa m'makina, ngakhale mwini ntchito atakhala pa mpando akugwedeza mwendo. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, timikombero tonse ta m'nyumba imeneyo tinajambulidwa ndi dzanja la Mayi Telala, amene ankasiya diresi pa makina n'kudutsa khonde akangomva kugogoda katatu pa khoma.

Makina omaliza amene bamboyo anagwiritsa ntchito anawatola atatayidwa, nawakonza ndi manja awo. Pambali pake anamangirirapo kachipangizo ka timawilo tisanu ndi tiwiri, kowerenga mapepala: pepala likadindidwa, kawilo ka kumapeto kankasuntha kamodzi. Anakayambitsa pa ziro, ndipo sanakabwezepo m'mbuyo. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri ndi miyezi ingapo, chitsulo chachikulu chapakati pa makinawo chinathyoka, ndipo sipanapezeke mmisiri wotha kuchilumikiza. Bamboyo anali atakalamba kale. Anamasula kachipangizo kaja, natseka chitseko, nakakaika pamwamba pa kabati kunyumba. Timawilo tinali titaima pa 1,022,117.

Munthu wozolowera ntchito sakhala manja ali lende. Bamboyo anafukula kabuku kena ka masamu ka masamba makumi awiri ndi anayi, kamene iwo eni anasindikizira mphunzitsi wina wopuma zaka zambiri m'mbuyomo, nagula kope, nayamba kulemba makhalidwe a nambala yawo monga mmene munthu amalembera makhalidwe a mwana wake. Analemba kuti ili ndi manambala asanu ndi awiri. Analemba kuti sigawika pawiri, pakuti imathera ndi 7, ndiponso kuti pa chifukwa chomwecho sigawika ndi 5. Anaphatikiza manambala ake napeza 14, nalemba kuti 3 ndi 9 alibe nayo gawo. Analembanso kuti siingakhale nambala yobadwa pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe, chifukwa zoterozo sizithera ndi 7.

Pa chikuto cha kumbuyo kwa kabukuko panali mndandanda wa manambala osagawika, ndiko kuti manambala amene palibe nambala ina ingawagawe popanda chotsala, kupatula 1 ndi iwo eni. Mndandandawo unayambira pa 2, 3, 5, 7, nuthera pa 997, ndipo pansi pake panali mzere wakuda wonenepa. Onse pamodzi analipo 168. Bamboyo anagawa nambala yawo ndi aliyense wa iwo, atakhala pa khonde la akazi awo, ndipo akafika pansi pa samu ankafuula kuti, "Pali chotsala!" Anafuula motero miyezi inayi, mpaka msewu wonse unaiwala dzina lawo n'kuyamba kuwatchula kuti a Chotsala. Atagawa ndi 997 napeza chotsala 192, analemba ndi zilembo zazikulu pa tsamba lomaliza kuti YOSAGAWIKA. Ankakonda kunena kuti, "Ntchito yanga yonse ndi mtanda umodzi, palibe angaubenthule."

Kope limeneli sanawapatse akazi awo kuti aliwerenge. Ankati ndi zoseweretsa za ukalamba, zosapita ku makina. Koma atadwala matenda amene anawatenga, anaitana mng'ono wawo, amene anali dalaivala wa basi wopuma, namuuza kuti pa mwala wawo padzalembedwe nambalayo, ndipo pansi pake padzakhale mawu aja akuti yosagawika.

Chitatha chaka, a Dalaivala anakonza zonse ndi wosema miyala wa kuseri kwa msika. Wosemayo anatchula tsiku limene adzaseme zilembo, Lachisanu la sabata yachitatu, chifukwa pambuyo pake anali ndi ntchito ya miyezi yambiri kutali. Mwana wamkazi wa malemuwo, amene ndi namwino ku chipatala cha kutali, anali atapempha kale tchuthi kuti adzaone mwalawo ukuikidwa. Mayi Telala anatsegula kope lija kuti akopere nambala yopita kwa wosema. Anayang'ana pa ngodya ya tsamba lomaliza monga mwa chizolowezi, ndipo anapeza kuti panalibe kamkombero.

A Dalaivala atabwera kudzatenga pepalalo, anawapeza atakhala pa mpando, kope lili pa miyendo.

"Alamu, pepala lija lili kuti? Wosema akudikira."

"Khalani pansi kaye, alamu. Tsamba ili silinawerengedwe."

"Silinawerengedwe bwanji? Inu simukuliwerenga apa?"

"Mukudziwa chimene ndikunena. Akulu anu anasanja okha, nawerenga okha. Mwala ndi tsamba lomaliza, ndipo ukalakwika sung'ambidwa ngati khadi."

A Dalaivala anaseka, navula chipewa, nachiika pa bondo. "Mayi inu, mwawazunza akulu anga zaka makumi atatu ndi pensulo yanuyo, ndiye mukufuna muwatsatire nayo kumanda? Asiyeni apume."

"Apuma bwino ndikachonga."

"Nanga mukapeza kuti analakwa?"

"Tidzaona pamenepo. Nambala itengeni, wosema ajambuliretu ndi choko. Koma asakhudze tchizulo chake chosemera ine ndisanafike."

"Lachisanu lija sindilisuntha, alamu. Mawu a munthu womwalira sasinthidwa ngati mpendero wa siketi."

"Sindinati mulisunthe. Masiku alipo 21, masamu alipo 168. Ndi asanu ndi atatu pa tsiku. Ndasokapo mayunifolomu ochuluka kuposa pamenepo."

Anayamba tsiku lomwelo. Anadula mapepala akhaki amene amajambulapo maonekedwe a zovala, nawapanikiza ndi simbi yozizira pa ngodya ya tebulo lodulira. Kope la amuna awo ankalitseka, n'kugawa okha, ndipo akamaliza m'pamene ankalitsegula kuti afananitse chotsala chawo ndi cha malemuwo. Masamu awiri ankawachita asanatsegule chitseko m'mawa, atatu pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo atatu otsalawo pakati pa makasitomala. Lamlungu ankachita onse asanu ndi atatu akabwera kopemphera. Masiku oyamba anali opepuka: pogawa ndi 7 panatsala 5, pogawa ndi 11 panatsala 8, pogawa ndi 13 panatsala 5. Koma manambala ogawira atafika m'mahandiredi, samu iliyonse inayamba kudya nthawi yokwanira kusoka kolala.

Ntchito yosoka sinaime. M'sabata yachiwiri kunabwera mayi wina wa malo odyera, atanyamula nsalu ya patebulo ya timabokosi tofiira ndi toyera, yofanana mbali zonse zinayi, imene wantchito wake anaiotcha pa ngodya ndi simbi. Anafunsa ngati ingapulumuke. Mayi Telala anadula ngodya yopsayo mwaukhondo, kenaka anadula kansalu kopyapyala kamene kanatsala m'munsi, nakatembenuza, nakasokerera m'mbali motsatira timabokosi. Nsaluyo inafupika pang'ono, nitalika pang'ono, ndipo panalibe kabokosi kabwino kamene kanatayika. Mwini wake anapita akuyamika, iwo nabwerera ku mapepala awo.

Wokonza nsapato ankasuzumira pakhomo tsiku ndi tsiku. "Amayi, lero pali chotsala?" Iwo ankayankha osadzutsa mutu, "Chilipo, bambo, monga misomali m'kamwa mwanumo." Makasitomala ena anayamba kunong'onezana kuti chisoni chawasokoneza mutu mayiwo. Mlongo wa malemuwo anatumiza uthenga wakuti si ulemu kufufuza zolakwa za munthu amene sangathe kudziyankhira. Mayi Telala anamva zonsezi, nasongola pensulo.

Atafika pa 251 anapeza chotsala 45, koma m'kope munalembedwa 54. Anabwereza kawiri, ndipo 45 sanasunthe. Cholakwacho sichinasinthe kanthu, pakuti chotsala ndi chotsala, koma chinawasonyeza kuti dzanja lija la 41 ndi 14 linali lisanasinthe mpaka ukalamba. A Dalaivala atamva zimenezi anabwera ndi kamakina kowerengetsera m'thumba la malaya.

"Alamu, taonani, dziko linapita patsogolo. Tchulani nambala iliyonse, ndikuyankhani musanameze malovu."

"Gawani ndi 251."

Anadinadina, nawaonetsa.

"Nanga chotsala chili kuti?" anafunsa Mayi Telala.

"Ndi timanambala tili kuseri kwa kadonthoti."

"Amuna anga sanalembe timanambala ta kuseri kwa kadontho. Analemba 54. Kamakina kanuko kangandiuze kuti analakwa pa mzere uti?"

"Inu ndinu ovuta ngati bwana woyendera matikiti."

"Ndipo inu munkathamangitsa basi musanawerenge anthu. Imwani tiyi, alamu, mundisiye ndigwire ntchito."

Lachinayi la sabata yachitatu, itangotha nthawi ya nkhomaliro, anagawa ndi 997 napeza 192, chimodzimodzi ndi m'kope. Masamu onse 168 anali ndi chotsala. Malemuwo anali atalakwitsa chotsala pamalo amodzi okha, ndipo panalibe nambala ya pa mndandanda imene inagawa nambala yawo. Mayi Telala anapumira m'mwamba, natsegula tsamba lomaliza, naika nsonga ya pensulo pa ngodya kuti ajambule kamkombero. Koma diso lawo linagwera pa chikuto cha kabuku kaja, pa mzere wakuda wa pansi pa 997, ndipo dzanja linaima.

Mzere umenewo anaukumbukira. Tsamba limenelo analiwerenga ndi iwo omwe, zaka zambiri zapitazo, mphunzitsi wopuma uja atakhala pa mpando pafupi ndi chitseko. Amuna awo anadandaula tsiku limenelo kuti manambala achuluka ndipo chikuto n'chaching'ono, mphunzitsiyo nayankha kuti, "Manambala amenewa satha, mwana wanga. Lekezerani pa 1,000, mutseke ndi mzere." Amene anasankha chitsulo cha mzerewo m'bokosi, nachiika pansi pa 997, anali amuna awo omwewo. Patapita zaka, anatsegula kabukuko ngati wophunzira, nauona mzerewo, naukhulupirira ngati malire oikidwa ndi akatswiri, ataiwala kuti unali malire a pepala.

Tsono funso linali lakuti munthu ayenera kulekeza pati, pakuti sangagawe mpaka imfa. Kabukuko sikananene. Mayi Telala analingalira monga telala. Nambala yogawika, anatero mumtima, ili ngati nsalu ya timabokosi: ili ndi mizere yakutiyakuti m'litali ndi yakutiyakuti m'lifupi, popanda kabokosi kotsalira. Ndipo mbali yaifupi ya nsalu siingapose mbali ya nsalu yofanana mbali zonse yokhala ndi timabokosi tochuluka chimodzimodzi. Choncho wofufuza ayenera kugawa mpaka afike pa mbali imeneyo. Anachulukitsa 1,000 ndi 1,000 napeza miliyoni imodzi, imene ili yochepa poyerekeza ndi nambala ya amuna awo. Apa anadziwa kuti mndandanda uja unalekeza ulendo usanathe. Anayesa 1,010 ndi 1,010 napeza 1,020,100, yochepabe. Anayesa 1,011 ndi 1,011 napeza 1,022,121.

Anayang'ana nambala imeneyi nthawi yaitali. Inaposa ya amuna awo ndi 4 yekha basi. Nsalu yofanana mbali zonse, yosowa timabokosi tinayi, tiwiri m'litali ndi tiwiri m'lifupi: imeneyo inali nsalu ya patebulo ija yopsa pa ngodya. Ndipo iwo ankadziwa chimene telala amachita ndi nsalu yotero. Amadula mizere iwiri ya m'munsi n'kuisokerera m'mbali, mbali ina n'kuchepa ndi 2, ina n'kukula ndi 2. Analemba 1,009 ndi 1,013. Kenaka anatenga pepala latsopano, nagawa 1,022,117 ndi 1,009, akutsitsa nambala imodziimodzi monga anaphunzirira ali mwana. Yankho linali 1,013, ndipo pansi pa samu panali ziro.

Anabwereza katatu. Wokonza nsapato anasuzumira nafunsa funso lake la masiku onse, ndipo iwo anati, "Lero palibe, bambo." Iye anafuna kuseka, koma ataona nkhope yawo anabwerera mwakachetechete. Mayi Telala anatseka chitseko dzuwa likadali pamwamba, chinthu chimene sanachitepo chiyambire, nakhala pa mpando wa makasitomala, kope lili m'manja. Nambala yoyamba yosagawika yotsatira 997 ndi 1,009. Amuna awo anagawa miyezi inayi, nalekeza patatsala samu imodzi.

M'mawa mwa Lachisanu anafika kwa wosema atanyamula chikwama. Bwalo la wosemayo linali loyera ndi fumbi la miyala, ndipo mwala wa a Chotsala unali utagonekedwa pa matabwa awiri, zilembo zitajambulidwa kale ndi choko. A Dalaivala anali ataima pambali pake, atavala jekete.

"Afika abwana oyendera," anatero a Dalaivala. "Tiuzeni, alamu, akulu anga akhoza mayeso?"

"Masamu onse 168 anakhoza, kupatula kachotsala kamodzi."

"Basitu! Amisiri, gwirani hamala."

"Dikirani. Nambalayi imagawika."

Wosemayo anatsitsa hamala pang'onopang'ono. A Dalaivala anati, "Mwangonena kumene kuti anakhoza."

"Anakhoza zonse zimene anachita. Koma panatsala imodzi imene sanachite."

Anatulutsa kansalu ka timabokosi, khumi ndi kamodzi mbali iliyonse, nakayala pa mwala wina. Anadula timabokosi tinayi pa ngodya, nadula mizere iwiri ya m'munsi, naiika m'mbali, nauza alamu awo kuti awerenge. A Dalaivala anawerenga ndi chala monyinyirika, napeza 9 mbali ina ndi 13 mbali inayo. Mayi Telala anafotokoza kuti nambala ya pa mwalayo ndi nsalu yotero, koma yaikulu, ndipo anati, "Tulutsani kamakina kanu kaja. Lero kagwire ntchito. Chulukitsani 1,009 ndi 1,013."

A Dalaivala anadina. Anayang'ana kagalasi ka kamakinako, nayang'ana choko cha pa mwala, nayang'ananso kagalasi. Anafufuta, nadinanso, ndipo zinatuluka zomwezo.

"Ngakhale zili choncho," anatero potsiriza, mawu atatsika, "akulu anga anandiuza ine, atandigwira dzanja ili. Ndani adzabwere kumanda ndi pensulo kudzagawa? Tilembe zimene ananena. Ndi liwu limodzi lokha, alamu."

"Inetu ndimasema zimene mwandipatsa," analowererapo wosema. "Ndasemapo kuti 'anali wofatsa' pa mwala wa munthu amene anandithyola dzino ili."

Palibe amene anaseka. Mayi Telala anapinda kansalu kaja, nati, "Alamu, akulu anu anakuuzani mawu amenewo kamodzi, akudwala. Ine anandiuza mawu ena tsiku lililonse kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ali bwinobwino: chosawerengedwa chisadindidwe, cholakwa chisatuluke pakhomo. Munaliko tsiku lija anatentha mapepala a nyimbo mazana asanu chifukwa cha mzere umodzi. Munawathandiza kukoleza moto ndinu. Lero mukufuna munthu ameneyo agone pansi pa cholakwa chake, chosemedwa ndi tchizulo, dzina lake lili pamwamba?"

"Ndiye tinene kuti ntchito yawo yonse ija inali yachabe? Miyezi inayi akufuula pa khonde?"

"Sinali yachabe. Akanapanda kutseka makomo 168, ine sindikanadziwa kuti latsala limodzi. Iwo anasanja, ine ndawerenga. Ndi mmene tinkagwirira ntchito."

A Dalaivala anayenda mpaka ku mpanda, naima kumeneko atafulatira, akupukuta magalasi awo nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Pobwerera anafunsa kuti, "Ndiye palembedwe chiyani?"

Mayi Telala anatulutsa pepala limene analemba m'mawa. Dzina ndi zaka zinali monga kale. Pansi pake panali 1,022,117, ndipo pamalo pa liwu lija panali 1,009 × 1,013. Wosema anafufuta choko ndi chiguduli chonyowa, najambula mzere watsopano, natenga tchizulo.

"Ayi, amisiri, sitinathe," anatero mayiwo. "Pepalali ndalemba ndine, choncho sindingaliwerenge ndekha. Alamu, bwerani kuno. Ine ndigwira pepala, inu muwerenge pa mwala. Mokweza, nambala imodziimodzi."

"Ine? Ine ndi wa mabasi, mayi."

"Zikwangwani za pamsewu munkaziwerenga. Yambani."

A Dalaivala anagwada pa fumbi ndi jekete lawo labwino, naloza ndi chala, nawerenga dzina la mkulu wawo, zaka zake, ndi manambala onse mmodzimmodzi. Dzinalo analiwerenga kawiri. Zonse zitagwirizana, Mayi Telala anawapatsa choko, nawasonyeza pa ngodya ya m'munsi. Kamkombero kamene a Dalaivala anajambula kanali kokhota ngati tayala lophwa. Wosema anafunsa ngati akafufute, ndipo onse awiri anayankha pamodzi kuti akaseme momwemo.

Mwalawo unaikidwa pa tsiku lake, namwino uja alipo. Mlongo wa malemuwo sanawalankhule Mayi Telala kwa miyezi isanu, ndipo mpaka lero amati liwu la mchimwene wake linabedwa. Mayi Telala sanakangane naye. Sabata yotsatira anatsegula kope lija, ndipo pansi pa liwu lakuti YOSAGAWIKA, limene sanalifufute, analemba ndi dzanja lawo kuti nambalayi ili ndi manambala anayi okha oigawa: 1, 1,009, 1,013 ndi iyo yomwe. Anayesanso 1,009 ndi 1,013 paokha, powagawa ndi manambala osagawika kuyambira 2 mpaka 31, pakuti tsopano ankadziwa polekezera, napeza kuti awiriwo ndi osagawikadi. Masamu amenewo anawapereka kwa a Dalaivala kuti awawerenge, ndipo a Dalaivala anakhala nawo masiku asanu ndi anayi, akudandaula kwa aliyense wokumana naye kuti alamu awo awalembetsa sukulu atakalamba.

Mayi Telala akusokabe pa khomo lachinayi, ngakhale kuti tsopano singano amalowetsa atavala magalasi awiri. Kachipangizo ka timawilo kaja anakachotsa pa kabati, nakaika pa shelefu ya ulusi, pakati pa wakuda ndi wabuluu. Mbiri inoyi ndinawapatsa kuti aiwerenge ndisanaitulutse, ndipo anandibwezera ndi zokonza zitatu.